Kuzolowera Kudzisunga pa Ntchito: Mafunso ndi Mayankho

Pakati pa anthu onse amene alawirira m'mamawa kunka ku ntchito, kaya ndi wodula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wothyola tiyi m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje, womanga nyumba zosanja mu Lilongwe, wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu ku Ndirande, kapena woyendetsa chigayo cha kumudzi, palibe ndi mmodzi yemwe amene atsazika a pabanja pake ali ndi mtima wakuti adzabwera madzulo wopanda chala, diso kapena mwendo. Komabe bungwe la International Labour Organization, limene liyang'anira za ntchito pa dziko lonse lapansi, liwerengera kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amwalira chaka ndi chaka chifukwa cha ngozi ndi nthenda zochokera ku ntchito zawo. Mafunso ali m'munsimu ndiwo amene antchito ndi akapitawo akonda kufunsa nkhani imeneyi ikabuka, ndipo tawayankha mosapsatira mawu.

Kodi chizolowezi cha chitetezo n'chiyani, ndipo chisiyana bwanji ndi malamulo amene tiwaona atamatidwa pakhoma?

Lamulo lomatidwa pakhoma lifuna kuti munthu aliwerenge, alisunge mumtima, ndi kulikumbukira pa nthawi yake. Koma tsono nthawi imene ngozi ikonda kufika ndiyo yomwe maganizo a munthu ali kutali ndi khoma lija, pamene thupi lalema, dzuwa likuswa mtengo, njala yawawa, ndipo mtima uli kwa mwana wodwala kunyumba kapena pa katapila amene tsiku lake lobweza layandikira. Chizolowezi ndicho chija manja achita okha mutu usanafunsidwe. Kalipentala amene sataya pansi thabwa la msomali wotuluka asanaupinde kapena kuuzula, makaniko amene salowa kunsi kwa galimoto yotukulidwa ndi jeke yokha asanaikeko chipika ndi kutchinga matayala, namwino amene akangobaya jakisoni aponya singano m'bokosi lake osayesa kuibwezera m'chivundikiro, mmisiri wa nyumba amene ayamba wagwedeza nsanja asanakwerepo ndi njerwa, onsewa sachita zimenezi chifukwa akumbukira ndime yakutiyakuti ya lamulo, koma chifukwa akapanda kutero thupi lawo liwauza kuti pali chimene chatsala.

Sitikunena kuti malamulo ndi achabe, iyayi. Iwo ndiwo auza munthu chimene ayenera kuzolowera. Koma pa malo pamene zikwangwani zachuluka ndipo manja sadaphunzire kanthu, zikwangwanizo zingothandiza pa tsiku la mlandu, posonyeza kuti wovulalayo adauzidwa. Chala chodukacho sizichibweza.

Ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri osavulala ngakhale kamodzi. Ndivutikirenji ndi zimenezi lero?

Mawu awa amveka kawirikawiri m'kamwa mwa amisiri enieni, ndipo sitiwanyoza, pakuti luso lawo ndi loona; koma tiwapemphe alingalire kuti zaka zopanda chilonda zikhoza kuchitira umboni zinthu ziwiri zosiyana, ndizo kusamala ndi mwayi, ndipo mwini wake sangasiyanitse ziwirizi pongoyang'ana thupi lake. Chinyengo cha njira yachidule ndi ichi, chakuti imalipira msanga koma imalanga mochedwa: tsiku lililonse limene munthu akwera makwerero osamangirira natsika bwinobwino, atapulumutsa mphindi zingapo, mtima wake ulandira phunziro lonama lakuti kumangirira kuja n'kutaya nthawi, ndipo phunziro limeneli likabwerezedwa zaka ndi zaka lisanduka chikhulupiriro chimene palibe kapitawo angachizule ndi mawu okha. Pamenepo mpamene mwambi uja ukwanira, wakuti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mu 1931 munthu wina wa ku America, H. W. Heinrich, amene ankagwira ntchito ku kampani ya inshulansi ndi kusanthula malipoti a ngozi za m'mafakitale, adalemba kuti pa ngozi imodzi yovulaza kwambiri pamakhala ngozi 29 zovulaza pang'ono ndi zina 300 zosavulaza konse. Akatswiri a pambuyo pake adatsutsa manambala amenewa, ponena kuti sagwira mofanana pa ntchito zonse. Koma mutu wa nkhani yake udatsala, wakuti ngozi yaikulu kawirikawiri imatumiza amithenga isanafike.

Amene afuna kuona kumene kunyoza amithengawo kufikitsa anthu akumbukire mgodi wa malasha wa Coalbrook ku South Africa. Pa 28 Disembala 1959 denga la chigawo china cha mgodiwo lidagwa, koma popeza silidaphe munthu, ntchito idapitirira monga mwa masiku onse. Pa 21 Januwale 1960 lidagwanso kwina chakumasana, anthu ambiri adathawira kumtunda, ndipo adabwezedwa pansi. Madzulo a tsiku lomwelo mizati ya malasha imene idasiyidwa kuti ichirikize denga idaphwanyika motsatizana, ndipo amuna 435 adakwiririka, mitembo yawo osatulutsidwa kufikira lero lino. Dzulo lake amuna amenewa akadatha kunena, monga munena inu, kuti agwiramo masiku ambiri osavulala.

Kodi ngozi si tsoka chabe? Tsiku la munthu likakwana, angalithawe bwanji?

Kuti masiku a munthu ali m'manja mwa Mlengi wake sitikana. Koma Malembo omwewo amene atiphunzitsa zimenezi sadalole kuti zikhale pobisalira ulesi. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, chilamulo cha Mose chidakakamiza eni nyumba za madenga athyathyathya, amene anthu a dziko lija ankakhalapo, kutchinga m'mphepete mwake, ndipo munthu akagwa pa denga losatchinga mlandu unali wa mwini nyumba. M'buku la Eksodo, mutu 21, wokumba dzenje osalivundikira ndiye ankalipira chiweto chogweramo. Anthu amene adakhulupirira Mulungu kopambana sadaone kutsutsana kulikonse pakati pa chikhulupiriro ndi kutchinga dzenje.

Choipa cha mawu akuti tsoka, ndi anzake aja akuti adamulodza, n'chakuti amatseka kafukufuku asanayambe. Tikangoti linali tsiku lake, lamba wa makina amene adakoka malaya a mnzathu atsala wosatchinga, kudikira wina. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi, imene idanyamula Amalawi obwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku South Africa idagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana, ndipo anthu oposa 70 adafa. M'midzi yambiri ya kuno kwathu mudagwa maliro, ndipo boma la Dr. Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu opita ku migodiko. Atafufuza adapeza kuti mafuta amene adathiridwa m'ndegemo adali atasakanizika ndi mafuta a mtundu wina, osayenera injini zake. Taonani tsono kuti amene adafa si amene adalakwa; cholakwa chidachitikira pansi, m'manja mwa anthu amene sadawadziwe nkhope. Chifukwa chake kusamala kwanu pa ntchito si kwanu nokha, pakuti pali ena amene moyo wawo wapachikika pa chizolowezi chanu iwo osadziwa.

Nanga udindo umenewu ndi wa yani, wa bwana kapena wa wantchito?

Ndi wa onse awiri, koma osati mofanana, pakuti amene ali ndi mphamvu zambiri asenza gawo lalikulu. Ku Malawi kuli lamulo la 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, limene liika pa mapewa a wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo, makina ndi kagwiridwe ka ntchito sizivulaza antchito ake, wowaphunzitsa ndi kuwayang'anira, ndiponso wowapatsa zovala zodzitetezera popanda kuwalipiritsa. Lamulo lomwelo lifuna kuti wantchito adzisamale, asamale anzake, ndipo asawononge kapena kunyalanyaza zimene zaikidwa kuti zimutchinjirize. Palinso lamulo la 2000 la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito, Workers' Compensation Act. Mu 2019 dziko lino lidavomereza pangano la International Labour Organization nambala 155 lokhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito, ndipo mu 2022 bungwe lomwelo lidalengeza kuti malo a ntchito osaika moyo pachiswe ndi umodzi mwa maufulu oyambirira a wantchito aliyense.

Akatswiri a nkhaniyi adaika njira zopewera ngozi m'ndondomeko, kuyambira yamphamvu kufikira yofooka. Yoyamba ndiyo kuchotseratu choopsacho. Ikakanika imeneyo, kuchisinthanitsa ndi china chosaopsa kwambiri, monga mankhwala aukali ndi ofatsa. Kenaka kuchitchinga, monga kuika chophimba pa lamba ndi kotulukira fumbi. Kenaka kukonza kagwiridwe ka ntchito, maphunziro ndi nthawi zopuma. Ndipo pamapeto penipeni ndipo pabwera zovala zodzitetezera. Njira zitatu zoyambazo zili m'manja mwa mwini ntchito, osati mwa wantchito. Potero bwana amene alalikira za chizolowezi chabwino koma akana kugula chophimba cha lamba afuna kuti kusamala kwa antchito kulipire ngongole yake, ndipo chizolowezi sichingasenze katundu wotere. Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Kodi chizolowezi chimamera bwanji mwa munthu, ndipo chitenga nthawi yotani?

Njira ya kuchitsime siilambulidwa tsiku limodzi ndi khasu. Ipangika ndi mapazi amene apondapo m'mawa ndi madzulo kufikira udzu uleka kumera, ndipo ikapangika munthu aitsata ngakhale mumdima. Chizolowezi chimera chimodzimodzi, mwa kubwereza chinthu chimodzi, pa malo amodzi, pa nthawi yofanana. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, m'kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2009, adatsata anthu 96 amene ankaphunzira zizolowezi zatsopano za kadyedwe, kamwedwe ndi kulimbitsa thupi, ndipo adapeza kuti kwa munthu wapakatikati zidatenga masiku 66 kuti chinthucho chizichitika chokha, pamene kwa ena adali masiku 18 ndi kwa ena oposa 200. Adapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikudagwetse zonse. Phunziro lake kwa akapitawo ndi lakuti maphunziro a tsiku limodzi, ngakhale atakhala ndi zakumwa ndi satifiketi, ndi chiyambi chabe. Ntchito yeniyeni ili m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.

Pali zinthu zitatu zimene zithandiza. Choyamba, musaphunzitse zizolowezi khumi nthawi imodzi. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene zikhudza choopsa chachikulu pa malo anu. Chachiwiri, mangirirani chizolowezi chatsopanocho ku chinthu chimene chichitika kale masiku onse, kuti chakalecho chizikumbutsa chatsopano: ndikavala ovololo, ndivalanso jombo, ndisanayatse injini, ndizungulira galimoto, ndisanadye nsima, ndisamba m'manja ndi sopo. Chachitatu, chabwinocho chikhale chapafupi kuposa choipa, pakuti magalasi otsekeredwa mu ofesi ya bwana amene wapita ku tauni ndi kiyi savalidwa, koma opachikidwa pa makina enieniwo avalidwa.

A njanji za ku Japan ali ndi mwambo umene ulumikiza diso, dzanja ndi pakamwa: woyendetsa sitima akafika pa chizindikiro sangochiyang'ana, koma achiloza ndi chala natchula mokweza chimene waona, ngakhale ali yekha m'chipinda chake. Kafukufuku wa 1994 wa bungwe lofufuza za njanji m'dzikomo adapeza kuti kuloza ndi kutchula kudachepetsa zolakwa pa ntchito yoyeserera ndi pafupifupi 85 pa 100 zilizonse, ndipo mu 1996 sitima za pansi pa mzinda wa New York zidatengera mbali ya kuloza. Mwambo umenewu sufuna ndalama; ufuna kugonjetsa manyazi okha.

Tipatseni chitsanzo cha kuno kwathu cha chizolowezi chimodzi chimene chingapulumutse dzanja la munthu.

Tiyeni tilowe m'chigayo. Chili kulira, amayi afola ndi ndowa ndi matumba awo, ndipo mwadzidzidzi magetsi athima. Mnyamata wa pachigayo, posafuna kuti nthawi ipite pachabe, atsegula chitseko cha chigayocho kuti achotse sefa yotsekeka ndi mgaiwa wachinyezi, nalowetsa mkono wake pakati pa nyundo. Swichi yatsala monga idaliri, pakuti mumtima mwake makina opanda magetsi ndi akufa. Koma magetsi akamabwerera sanena odi. Zigayo zina zili ndi sitata imene idzimasula yokha moto ukachoka, koma zina zilibe, ndipo pa zina idawonongeka kalekale n'kulumikizidwa mwachidule. Ngakhale pamene ilipo, mnzake amene ali panja, poona kuti babu layaka ndipo amayi ayamba kudandaula, akhoza kuthamangira kukayatsa osadziwa kuti m'katimo muli dzanja.

Chizolowezi chake ndi ichi, ndipo chikhale chosasintha kaya magetsi alipo kaya athima: zimitsani pa swichi yaikulu, khomanipo loko, kiyi alowe m'thumba la munthu yemweyo amene alowetse dzanja, osati la bwana kapena la mnzake, yesani kuyatsa kuti mutsimikize kuti moto wadukadi, dikirani kufikira nyundo ndi lamba zitaima ndithu, pakuti zipitirira kuzungulira kanthawi moto utachoka, pamenepo tsegulani. Pobwerera, chitseko chitsekedwe, chophimba cha lamba chibwezeredwe, ndipo woyatsa afuule kuti "Ndikuyatsa!" nadikire kufikira atamva yankho la aliyense amene ali m'nyumbamo. M'mafakitale akuluakulu a dziko lonse mwambo wa loko umenewu ndi lamulo lokhwima. Pa chigayo cha kumudzi mtengo wake ndi wa loko mmodzi wa pa golosale. Onjezani apo kuti malaya olendewera, mpango ndi chitenje zisayandikire lamba, ndi kuti ana operekeza amayi awo adikire panja.

Kodi kapitawo achite chiyani, popeza bwana afuna ntchito ithe msanga?

Antchito samva zimene kapitawo anena; aona zimene achita pa tsiku la changu. Ngati Lolemba alalikira za chipewa cholimba, koma Lachisanu, galimoto ya simenti itachedwa ndipo konkire ikuuma, iye yemwe alowa pansi pa nsanja mutu uli pamtunda nati "tiyeni, tingomaliza," ndiye kuti ulaliki wa Lolemba wafafanizika, ndipo aliyense wadziwa lamulo lenileni la malo amenewo. Chimodzimodzi pamene malipiro ali a mgwazo: munthu wolipidwa molingana ndi mizere imene wadula kapena makilogalamu amene wathyola aona mphindi iliyonse ya kusamala ngati ndalama yotuluka m'thumba mwake, kotero kuti poyeza mgwazo payenera kuwerengedwanso nthawi yonola chikwanje, yomwa madzi, yovala ndi yosamba, apo ayi, mgwazowo ndiwo udzakhala mphunzitsi wa njira zachidule.

Chida chachikulu cha kapitawo ndi kamsonkhano ka mphindi zisanu ntchito isanayambe, anthu ali chiimire pa malo enieni a ntchito, pamene mafunso ake ndi atatu okha: lero tigwira chiyani, chingativulaze n'chiyani, ndipo titani kuti chisativulaze. Asayankhe yekha, afunse anthu ake, pakuti wokumba ngalande ndiye adziwa pamene dothi lafewa ndi mvula ya usiku. Nkhanga zidapangana kusanapse. Aphunzirenso kuyamika pamaso pa onse amene waimitsa ntchito chifukwa waona choopsa, ngakhale zitapezeka kuti panalibe vuto, pakuti akamunyoza kamodzi palibe adzaimitsenso.

Akuluakulu a pamwamba nawonso ali ndi gawo lawo. Paul O'Neill atalandira utsogoleri wa kampani ya aluminiyamu ya Alcoa ku America mu 1987, adadabwitsa eni chuma ponena kuti nkhani yake yoyamba idzakhala chitetezo cha antchito, ndipo adalamula kuti munthu akavulala pa fakitale iliyonse ya kampaniyo, mbiri yake imufike pasanathe maola 24 pamodzi ndi njira yoti zisachitikenso. Mkulu akafunsa chinthu tsiku ndi tsiku, onse a pansi pake aphunzira kuchiyang'ana.

Zovala zodzitetezera zimatentha ndi kulemera, ndipo zimachedwetsa ntchito. Kodi n'zofunikadi masiku onse?

Dandaulo ili ndi loona, ndipo woliyankha ndi chipongwe sadavalepo ovololo ndi jombo m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala. Chovala chosakwana, magalasi okandika amene munthu saona nawo bwino, magolovesi aakulu amene alepheretsa kugwira sipanala, zonsezi zivulidwa kapitawo akangotembenuka. Chifukwa chake wogula zovalazi afunse ozivala, agule za misinkhu yosiyana, za amayi ndi za abambo, ndi kusintha zakutha.

Koma tidziwe kuti zambiri mwa zovalazi zititeteza kwa adani amene sapweteka tsiku lomwelo, ndipo m'menemo ndimo muli kuopsa kwawo. Pa anthu pafupifupi 3 miliyoni aja, ochuluka zedi safa ndi ngozi yooneka, koma ndi nthenda zimene zidalowa pang'onopang'ono. Wowotcherera wovala magalasi a dzuwa m'malo mwa chigoba chake amva bwino masana, koma pakati pa usiku adzuka maso akuwawa ngati athiridwa mchenga. Phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku ligonthetsa makutu mosabwerera, ndipo chizindikiro chake n'chapafupi: ngati mufunika kufuula kuti mnzanu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo lapyola muyeso. Wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula alowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, nayamba chizungulire, mutu ndi kusanza. Mankhwala ake ndi kudikira masamba aume, kuphimba mikono, ndi kusintha zovala zonyowa. Wopopera mankhwala m'munda asauzire ndi pakamwa kampopi kotsekeka, asapopere moyang'anana ndi mphepo, ndipo chigubu cha mankhwala chisasanduke chotungira madzi kapena chosungira mafuta ophikira.

Za fumbi la miyala afunseni madoda amene adabwera kuchokera ku migodi ya golide ali amphamvu, patapita zaka n'kuyamba kupuma mobanika ndi nthenda ya silicosis ndi chifuwa chachikulu. Mu 2018 makampani a migodiyo ku South Africa adavomera kulipira ndalama zokwana 5 biliyoni za rand kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, koma ambiri adali atatsikira kale kuli chete, ndipo palibe ndalama imene ibweza mapapo. Woswa miyala ya kwale ndi wodula matailosi wa lero apuma fumbi la mtundu womwewo. Kuthira madzi podula ndi kuvala chotchinga mphuno choyenera ndizo zimutchinjiriza.

Ngati ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi ndipo palibe wavulala, ndinenerenji? Kodi kumeneko si kudziitanira mlandu kapena kuneneza anzanga?

Njerwa imene yagwa kuchokera pa nsanja n'kuphonya mutu wanu ndi imodzimodzi ndi imene idzapha mnzanu mawa. Chasiyanitsa ndi phazi limodzi la pamene mudaima. Ngozi yophonya ndi phunziro limene mwalandira osalipira mwazi, ndipo kulibisa ndiko kusiya mnzanu kuti adzalilipire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma tivomereze kuti mantha a wantchito ali ndi maziko, pakuti pa malo ambiri wonena ndiye adulidwa malipiro kapena kutchedwa wovuta. Pamene kunena kulangidwa, malipoti atha, buku la ngozi likhala loyera, akuluakulu nakondwera ndi mtendere umene kulibe. Wolemba ntchito wanzeru asiyanitsa kulakwa kwa munthu amene adayesetsa ndi mwano wa amene aswa lamulo mwadala. Pa koyambako afunsa kuti chidachitika n'chiyani ndipo chidalola n'chiyani, osathamangira kufunsa kuti ndani. Koposa zonse akonza chimene chanenedwa msanga ndi kuuza onse kuti chakonzedwa chifukwa wakutiwakuti adanena. Pakuti munthu akanena za waya wosenda katatu osaona kusintha, kachinayi angomudumpha.

Mwa mwambo wathu mwana sadzudzula wamkulu. Nanga wophunzira ntchito anganene bwanji kwa mmisiri amene akuchita choopsa?

Ulemu ndi chuma chathu ndipo sitiutaya. Koma ulemu umene uonerera mkulu akulowa m'dzenje si ulemu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Chinenero chathu chili ndi njira zambiri zochenjezera munthu osamuchotsa ulemu. Mnyamata akhoza kunena kuti, "Pepani bambo, magalasi anu aja ndakutengerani," kapena, "Achimwene, mundidikire ndigwire makwererowa musanakwere," kapenanso kufunsa ngati wofuna kuphunzira, "Kodi akapitawo, pamenepa sitiyamba tazimitsa?" Mmisiri wamkulu amene ayankha kuti "Wachita bwino, mphwanga" waphunzitsa gulu lonse m'mawu atatu kuposa maphunziro a sabata yathunthu. Koma ngati chitsulo chili kugwa, palibe nthawi ya pepani. Fuulani, mudzapepesa pambuyo.

Wobwera kumene nayenso asachite manyazi kufunsa, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Masabata oyamba pa ntchito ndiwo oopsa kwa munthu, popeza sadziwa pamene pali msampha ndipo afuna kuonetsa kuti ndi wamphamvu. Aperekedwe kwa mmisiri wa manja osamala, osati kwa wothamanga kuposa onse, pakuti zimene aone m'masiku amenewo ndizo adzachite moyo wake wonse, mmera mpoyamba.

Ife tili pa ganyu ndi pa timabizinesi tathu, tilibe komiti kapena ofesi ya chitetezo. Tiyambire pati, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zatheka?

Inu ndinu muyenera kusamala koposa, pakuti mukavulala palibe malipiro a masiku odwala, ndipo tsiku limene dzanja laima ndi lomwelo mphika uima. Khalani pansi ndi anzanu mufunsane funso limodzi: pa ntchito yathu ino, n'chiyani chimene chingaphe munthu kapena kumulemaza? Osati chimene chingamukande, koma chimene chingamuphe. Kwa okumba mchenga ndi zitsime ndi dothi logumuka ndi mpweya woipa wa pansi; kwa amakaniko ndi galimoto yotsika pa jeke; kwa akabaza ndi mutu wopanda chipewa; kwa okhoma malata ndi kugwa ndiponso mawaya a magetsi odutsa pamwamba. Mukachipeza, pangani pangano limodzi lochitchinga, lalifupi loti mwana angalinene, ndipo mulisunge masiku onse osapatula tsiku la changu, kufikira miyezi itatu itatha. Pamenepo onjezani lachiwiri.

Kudziwa kuti zatheka musakuyezere pa kusowa kwa ngozi, pakuti taona kale kuti mwayi nawonso ukhoza kupereka miyezi yoyera. Yang'anani zizindikiro izi: ngati anthu ayamba kunena okha za zimene zidawaphonya, ngati chowonongeka chikonzedwa sabata yomweyo, ndipo ngati mlendo wobwera kudzagwira ganyu ya tsiku limodzi, pofuna kulowetsa dzanja m'makina osakhoma loko, aletsedwa ndi wantchito mnzake kapitawo asanatsegule pakamwa, ndiye kuti chizolowezicho chaleka kukhala cha bwana ndipo chasanduka mwambo wa pamalopo.